Mfundo Yofiira ya aNambewe

Esitele adabadwa chaka chimodzi ndi ine, m'mudzi umodzi, kuno kwa Mlonyeni. Anthu ankamuitana ndi mfunda wake, aNambewe, koma ine ndidamudziwa tili mabuthu, tikupikisana kusenza timitsuko pochokera kudambo, choncho pakamwa panga adakhala Esitele mpaka tsiku lake lomaliza. Tidayamba limodzi sukulu ku Guilleme. Iye adalekezera sitandade 4 pamene amake adagwa m'matenda, nakhala ndiye wosinja, wotunga madzi ndi wolera ang'ono ake. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, wosaseka msanga. Koma akati aseke ankagwira m'nthiti, misozi ili chuchuchu, mpaka kukhala pansi.

Adakwatiwa ndi a Rabson, dalaivala wa malole a pamsewu wa ku Chipata ndi ku Lusaka. Anali munthu wofatsa, wobwera ndi sopo wonunkhira ndi nsalu za ku Zambia, ngakhale nyumba ankaiona kawiri kokha pamwezi. Mu 1998 lole yawo idagubuduzika m'mapiri a ku Luangwa, ndipo thupi lidafika m'bokosi losatsegula. Mwa ana anayi amene Esitele adabereka, atatu adatsogola ali aang'ono. Adatsala mmodzi, wamkazi, Phoebe.

Ntchito imene idamutchukitsa adaiyamba ali kale wamasiye. Alimi a midzi yathu adapanga kopaletivi yogulitsa mtedza pamodzi, namanga shedi ya malata pafupi ndi msewu waukulu. Wogula wathu inali kampani ina ya ku Lusaka yopanga chiponde cha m'mabotolo, ndipo iwo adanenetsa chinthu chimodzi: safuna chuku. Kwa amene sadalimepo mtedza, chuku ndi nkhungu imene imamera mu mtedza wosungidwa usanaumitsitse. Chikakula chimaoneka, chobiriwira ngati ndere. Koma ululu wake umayamba maso asanaone kanthu, ndipo achipatala amati umadya chiwindi ndi kupinimbiritsa ana.

Tsono ife kuno tili ndi kachitidwe kathu kakalekale. Mtedza wa chalimbana ukauma bwino makoko ake amalimba. Ukaswa tsiku lonse zala zimatuluka matuza, ndipo njere zambiri zimagawika pakati. Ndiye amayi athu adatiphunzitsa kuwaza timadzi pa mtedza wamakoko, n'kuuvundikira kanthawi ndi chiguduli. Makoko amafewa, kuswa kumapepuka, njere zimatuluka zathunthu, zonyezimira, khungu lake losasupuka. Pamaso palibe mtedza wokongola kuposa umenewo. Wodya msanga pakhomo sunkavuta. Koma ukauthira m'matumba n'kuusanjikiza milungu itatu, umayamba kufunda wokha, chuku n'kulowa.

Esitele ndiye adaikidwa pakhomo pa shedi kuti azibweza mtedza wotere. Analibe chipangizo chilichonse. Thumba likafika ankalimasula, n'kupisa mkono mpaka m'chigongono, n'kukhala duu ngati akumvetsera munthu wolankhulira kutali. Kenaka ankatapa za pansi penipeni, n'kuzigwedeza m'manja pafupi ndi khutu. Mtedza wouma umalira ngati timiyala ta mumtsinje, wowazidwa umalira mogonthera. Akatero ankanunkhiza, n'kuluma njere imodzi ndi mano akutsogolo. Youma imathyoka, yonyowa imangophwanyika ngati mbatata yosapsa.

Ndikukumbuka tsiku lina a Mateyo, mng'ono wa malemu amuna ake, atabwera ndi matumba pangolo.

"Alamu, uwu ndi wapachibale, musauvutitse," adatero akuseka.

Esitele adaluma njere imodzi, nalavula.

"Alamu, kodi kwanu kukugwa mvula mu Julaye?"

"Ndi mame chabe amenewo."

"Mame a m'ndowa. Kayanikeni masiku anayi, mubwerenso."

"Mayi inu! Achimwene anga adapirira zambiri m'nyumba muja."

"Adapirira, koma chuku sadadyepo."

Anthu a pamzere adaseka, a Mateyo nabweza ng'ombe zawo akung'ung'udza.

Thumba limene walivomereza ankalisoka yekha, ndipo pomaliza ankamanga mfundo ya ulusi wofiira pakona, yopota kawiri n'kubwerera m'kati, mamangidwe amene adawaonera kwa amuna ake pomanga tenti ya lole. Madalaivala adaizolowera mfundoyo. Ku Lusaka nako adaizolowera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri lole yathu sidabwezedwepo, ndipo kumeneko mtedza wathu sankautchula ndi dzina la kopaletivi, ankangoti wa mfundo yofiira. Munda wa Esitele unali kachigunda chabe, nyumba yake yofolera udzu. Chuma chake chonse linali dzina limenelo.

Si onse ankamukonda. Manja awiri sathamanga, ndiye nthawi yokolola anthu ankatha masiku awiri pamzere. Obwezedwa ankanong'ona kuti amakondera anzake a kutchalitchi. Linali bodza, koma m'mashedi ena zoterozo zinkachitikadi, ndiye bodzalo linkapeza pokhala.

Kumayambiriro kwa 2023 kudabwera manijala watsopano, Titus, mwana wa kwa Zulu, wophunzira zaulimi kukoleji, waulemu, wonjuta popereka moni kwa akulu. Sindimunenera zoipa. Iye adapeza bungwe lina lothandiza alimi, ndipo bungwelo lidatipatsa makina: bokosi loyera lokhala ndi kamera m'kati, lolumikizidwa ku foni yaikulu. Umathira mtedza wodzaza mbale m'kathireyi, kuwala n'kung'anima, ndipo usanaphethire kawiri foni yanena kale giredi. Titus adatifotokozera kuti makinawo adaonetsedwa zithunzi za mtedza zosawerengeka mpaka adaphunzira okha kusiyanitsa wabwino ndi woipa. Ophunzira amati ndi nzeru zochita kupanga. Ife tidangowatcha Diso.

Ndinene zoona, Diso lidatithandiza. Lidafika mtedza ukadali m'munda, ndipo foni ija ukaionetsa tsamba lodwala inkakuuza kuti ili ndi khate, zula msanga lisanafalikire. Minda yambiri idapulumuka chaka chimenecho. Pogulitsa, mzere wa masiku awiri uja unkatha dzuwa lisanapendeke. Diso silinkadziwa kuti uyu ndi mkazi wa wapampando, uyu ndi wamasiye wopanda womunenera. Zithunzi zinkafika ku Lusaka nthawi yomweyo, wogula n'kuvomera katundu asanakwere n'komwe lole. Esitele mwiniwake adaliyamikira.

"Mphwephwa, njere zofota zija, limaziona kuposa ine, Anasi," adandiuza. "Maso angawa ayamba kuchita chidima."

Komiti idagamula kuti giredi izinenedwa ndi Diso, ndipo Esitele azingosoka matumba pamodzi ndi Phoebe, amene naye adali atalembedwa ganyu pashedipo. Sadadandaule. Adangosuntha mpando wake kuchoka pakhomo kupita kumbuyo.

Koma Diso lidali ndi chimene linkadana nacho kwambiri: njere zogawika. Munthu woumitsa bwino, woswa mtedza uli gwaa, ankapeza zogawika zambiri m'thumba mwake, ndipo foni inkamupatsa giredi yachiwiri. Tsiku lina mayi wina, dzina ndilisunga, adawaza madzi monga kale, nabwera nawo kushedi. Foni idati giredi yoyamba. Nkhaniyo idayenda mjigo ndi mjigo. Chizolowezi chimene Esitele adalimbana nacho zaka makumi awiri chidabwerera m'milungu iwiri. Nanenso ndidawaza. Zala zanga n'zanyamakazi, ndipo ndidadziuza kuti ngati makina a anthu ophunzira akuti ndi wabwino, ndine yani ine kuti nditsutse.

M'mawa wina mu Ogasiti ndidapita kushedi kukapereka matumba anga otsiriza. Mulu unali utafika pafupi ndi denga. Ndidaona Esitele akutuluka kuseri kwa muluwo, mkono uli mbuu ndi fumbi.

"A manijala, tabwerani mudzagwire apa."

Titus adapita, nagwira thumba pamwamba.

"Ndi kutentha kwa malata, amayi."

"Malata amatenthetsa pamwamba. Ili lafunda pakati. Pisani mkono."

Sadapise. Anali atavala malaya oyera a manja aatali, akuyembekeza alendo a kubungwe kuja. M'malo mwake adatapa mtedza m'thumba limenelo, nauthira m'kathireyi.

"Tiyeni tilifunse lokha," adatero.

Foni ija inkathanso kulankhula, ndi Chichewa chowongoka ngati cha wowerenga nkhani pawailesi. Titus adaifunsa ngati mtedzawo uli ndi vuto, ndipo tonse tidamva yankho lake: "Pazithunzi izi sindikuona chuku. Koma chinyezi cha m'kati mwa njere sindingachione pachithunzi. Yezani ndi choyezera chinyezi musanatumize."

"Mwamva, amayi? Palibe chuku."

"Ndamva mawu awiri, mwananga. Inu mwamva amodzi."

Choyezera chinyezicho bungwe lidalonjeza kuti chibwera pamodzi ndi Diso, koma miyezi isanu ndi umodzi chinali chikadali m'njira.

"Chifika mwezi wamawa," adatero Titus. "Koma lole ikubwera Lachinayi lino, ndipo ku Lusaka avomera kale. Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mkono wa agogo wamva kufunda?"

"Auzeni zomwezo. Mkono umenewu amaudziwa."

Adapempha kuti matumba onse akhuthulidwe, ayanikidwe pamatenti sabata imodzi, asankhidwenso. Titus adakaitana wapampando wa kopaletivi, a Jobson, mlimi wamkulu wa fodya ndi mtedza. A Jobson adapukusa mutu. Alimi onse adauzidwa kale kuti wawo ndi giredi yoyamba, adatero, ndipo palibe amene angalole kuti thumba lake limasulidwenso chifukwa cha maganizo a munthu mmodzi.

Atachoka awiriwo, Esitele adanditembenukira.

"Anasi, wako uja unawaza?"

"Pang'ono pokha."

"Pang'ono pokha," adabwereza mawu anga, nabwerera ku singano yake.

Ndipamene ndidazindikira kuti matumba onse a chaka chimenecho adawasoka ndi ulusi woyera wokhawokha. Chichokereni pakhomo paja sadamangepo mfundo yofiira ngakhale imodzi.

Lachinayi ndidamutengera mbatata yophika kuti adye masana, ndipo ndidapeza lole itaima kale. Dalaivala wake anali Kwacha, wa ku Chipata, wamimba yaikulu ndi mawu aakulu, amene adanyamula mtedza wathu zaka zambiri. Adazungulira mulu wonse akuyang'ana m'makona.

"Manje ba manijala, kofiira kali kuti?"

"Masiku ano tikuyeza ndi makina, achimwene. Onani pafoni apa, onse avomerezedwa."

"Foni siikwera mu lole yanga. Ine sininyamula saka ilibe mfundo ya ba mai. Ba bwana ku Lusaka bazanipaya!"

A Jobson adauza onyamula matumba kuti aperekeze dalaivala kukadya kumsika. Atapita, iwo ndi Titus adamuyandikira Esitele.

"ANambewe, tithandizeni. Ndi ulusi chabe umenewu."

"Ngati ndi ulusi chabe, pakirani opanda ulusiwo."

"Mukufuna midzi yonseyi itaye msika chifukwa choti makina adakulandani mpando?"

"A tcheya, mpando sindikuufuna. Koma ndikamanga mfundo ija ndiye kuti ndanena kuti mwana adye. Uwu sindingampatse mdzukulu wanga."

Adabaya singano pathumba, nakung'untha chitenje chake, natuluka dzuwa lili paliwombo. Mbatata ija sadaitenge.

Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha wina wodziwa mamangidwe a mfundoyo. Sadamuopseze Phoebe. A Jobson adangomukumbutsa kuti matumba ake omwe ali mumulu momwemo, kuti ali ndi ana anayi ndi mwamuna wosagwira ntchito, ndi kuti nyumba imodzi ikatayitsa anthu msika, anthuwo saiwala. Adakankha chitseko cha shedi, koma sichidatsekeke chonse. Ine ndidali pakhonde ndi mbale yanga, ndipo ndidamuona Phoebe akuyenda thumba ndi thumba, osadzutsa mutu. Kwacha pobwera adapeza makona onse ali psuu.

"Ehee! Ba mai bavomera," adatero, nalamula kuti apakire.

Phoebe adakaulula kwa amake tsiku lomwelo. Esitele adandiuza pambuyo pake kuti sadamukalipire. "Ndikadamukalipira chiyani? Ndidamuphunzitsa ndine."

Patatha masiku khumi ndi awiri lole idabwerera ndi katundu yense. Idachedwa masiku anayi paboda, matumba ali pansi pa tenti padzuwa, ndipo chimene chidayamba mushedi chidakhwimira pamenepo. Ku Lusaka adayeza ndi zipangizo zawo, napeza ululu wochuluka koopsa. Kalata yawo inali yaifupi: sadzagulanso kwa ife, chifukwa mfundo imene ankaikhulupirira yawanamiza. Titamasula matumba, fungo lidatibweza m'mbuyo. Njere zinali zitagwirana m'mabuma obiriwira. Mtedzawo udayenera kutenthedwa, koma mavenda adautenga, ndipo mwezi wotsatira m'misika yathu mudadzaza nsinjiro zotsika mtengo. Ana a yani adadya, sindidziwa.

Msonkhano wa alimi onse udachitikira pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa shedi. Anthu adabwera ndi mkwiyo wa chaka chonse cha thukuta. Aliyense ankafuna kudziwa chimene chidachitika, koma panalibe wofuna kutchula madzi, chifukwa dzanja lililonse pamenepo lidagwirapo ndowa. Titus adaonetsa zithunzi za pafoni, thumba ndi thumba, mtedza woyera, wathunthu, wopanda banga.

"Ndiye kuti udalowa uli bwino," adatero bambo wina. "Udaonongekera m'kati. Nanga m'katimo amakhalamo ndani?"

Mayi wina adaimirira. "Ine ndidamva kuti aNambewe adaneneratu kuti mtedza umenewu suli bwino. Lole isanabwere n'komwe. Adadziwa bwanji, makina osaona?"

Kuno kwathu munthu wokalamba akanena tsoka lisanagwe, tsokalo n'kugwadi, anthu sachedwa pa funso loti adadziwa bwanji. Amafulumira kufunsa kuti adachita bwanji. Ndidamva kung'ung'udza kukuyenda pamphasa ngati mphepo m'chimanga chouma.

A Mateyo, mlamu wake uja, ndiwo adamaliza.

"Makina alibe nsanje, abale anga. Wansanje tikumudziwa. Ndipo tandiyankhani ichi: ngati ankadziwa kuti mtedza ndi woipa, mfundo adamangiranji? Si kuti atipereke m'manja mwa a ku Lusaka, atichititse manyazi, kuti timubwezere pampando?"

Onse adamuyang'ana Esitele. Mawu amodzi okha akadamupulumutsa. Ndidamuona akuyang'ana Phoebe, amene adakhala kumapeto kwa mphasa ndi mwana kumsana, nkhope itagwa. Adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Mtedza munawaza madzi," adatero. "Aliyense pano akulidziwa dzanja lake."

Za mfundo sadanenepo kanthu. Phokoso lidabuka, ena akukuwa kuti akutitukwana, ena kuti waulula yekha. Titus adatsegula pakamwa, koma a Jobson adamugwira pabondo, iye natseka. Ine ndidakhala naye mphasa imodzi Esitele. Ndidaona zonse za Lachinayi lija ndi maso angawa. Koma sindidaimirire kuti ndimuikire umboni.

Sadamumenye. Zidayenda mwakachetechete. Akafika pamjigo, amayi ankanyamula ndowa zosadzaza n'kumapita. Mphakati wathu wa kutchalitchi, umene unkapempherera pakhomo pake kamodzi pamwezi, udapeza pakhomo pena. Ana adaletsedwa kutola mango pabwalo pake. Mwana wa mnansi atadwala malungo, mnansiyo adaima pamsewu masana, akuloza nyumba ya Esitele ndi kutchula mawu amene sindifuna kuwalemba. Lamulungu lina tili ku Misa nkhokwe yake idapsa, ndipo palibe adaona woyatsa.

Phoebe adafuna kuulula. Adabwera kwa amake akulira, ine ndili pomwepo.

"Amayi, ndinena. Sindingathe."

"Ukanena adzati n'za m'banja, mayi ndi mwana. Ndiye ana akowa adzatunga kuti madzi? Khala chete. Ine ndakalamba."

Mu Okutobala adamanga katundu wake m'chitenje chimodzi, nakwera kabaza kupita kuboda. Mlongo wake wamng'ono, a Joe, adakwatira m'mudzi wina tsidya lija, kupitirira Mwami, ndipo ndiwo adamulandira. Mkazi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu adachoka pamudzi pa amake, pamene padagona ana ake atatu, kukakhala mlendo pachikamwini pa mlongo wake.

Chaka chotsatira bungwe lija lidatumiza akatswiri kudzafufuza. Adayenda m'midzi, nafunsa amayi mmene amaswera mtedza, ndipo kwa alendo anthu adayankha mosabisa. Lipoti lawo lidati mtedza udaonongeka chifukwa cha madzi owaza poswa, kuti Diso silidapangidwe kuti lizizindikira chinyezi, ndi kuti kudali kulakwa kulisiya lokha pakhomo. Lipotilo lidawerengedwa mu komiti ya anthu asanu ndi awiri, nalitsekera m'kabati. Choyezera chinyezi chidafika. Lero chimagwira ntchito pamodzi ndi Diso, ndipo zikuyenda bwino. Palibenso amene amawaza. Tidapeza wogula wina wa ku Lilongwe.

Titus adapeza ntchito kwina. Tsiku loti achoke adafika pakhomo panga, nanjuta, nandipatsa envelopu, m'kati muli pepala la lipoti lija.

"Agogo, mukapatse aNambewe. Ine nkhope yopita nayo ndilibe."

Ndidapita mu Juni. Ndidamupeza atakhala padzuwa kuseri kwa khitchini ya mlamu wake, mkazi wa a Joe, akusenda chinangwa. Anali atatha, mapewa aja atagwa, ndipo adandizindikira ndi mawu, osati ndi maso. Tidagwirana manja nthawi yaitali. Adafunsa za adzukulu ake mmodzimmodzi, nafunsa ngati nyumba yake idapirira dzinja. Ndidamunamiza kuti idapirira. Kenaka ndidatulutsa pepala lija, n'kumuuza zimene lidanena.

"Aliwerenga pamsonkhano?"

"Ayi. Mu komiti mokha."

"Kutchalitchi?"

"Ayi."

"Ndiye wayenda ulendo wonsewu kudzandiuza zimene ndidakuuza ine?"

Iye adapitiriza kusenda, mpeni ukuyenda wokha m'manja mwake.

"Sindikufuna kuti atchule Phoebe," adatero. "Za mfundo zisiyeni. Koma akanene pamaso pa anthu kuti sindidalodze mtedza. Ndikufuna ndikagone pafupi ndi ana anga, Anasi. Iwe amakumvera. Ukanene."

"Ndikanena."

Ndidabwerera ndi mtima wonena. Ndidati ndidikire msonkhano waukulu wa alimi, koma udasunthidwa chifukwa cha maliro. Utachitika, nkhani zidachuluka, za mbewu ndi za wogula watsopano, ndipo anthu anali okondwa kwa nthawi yoyamba chichitikireni zija. Ndidati lero si tsiku lake. Kenaka mvula idagwa, tidalowa m'minda. Ndinkadziuza kuti tikakolola.

Uthenga wa maliro ake udafika mu Febuluwale 2025. Adadwala chifuwa sabata ziwiri. Mwa mwambo wathu mkazi amakagona kwawo, kumanda a amake, ndipo a Joe adatumiza mawu kuti akonzeke kulandira thupi. Kumudzi kudayamba zifukwa. Ena adati mapepala owolotsera maliro paboda ndi ovuta. Ena adati msewu wa kumanda wadzaza madzi. Adzukulu okumba manda sadakane, koma sadatengenso makasu. A Joe adadikira masiku awiri, naika mlongo wawo komweko.

Ochokera kwathu tidalipo asanu: ine, Phoebe, a Mateyo, ndi amayi awiri a bungwe lathu la kutchalitchi. Pamanda, mwambo utatsala pang'ono kutha, adapempha kuti mmodzi wa kwawo kwa malemu alankhule. A Mateyo adayang'ana kumbali. Ndidaimirira ine.

Ndidanena zonse kupatula dzina la Phoebe. Ndidati mayi agona apayu zaka makumi awiri ndi ziwiri sadalole thumba loipa kudutsa m'manja mwake. Ndidati adatichenjeza, makina omwe adatichenjeza, ife tidasankha mawu otikomera. Ndidati mtedza tidanyowetsa ndife, ine ndemwe ndi dzanja langali, ndipo tidamuthamangitsa kuti tisayang'anane m'maso. Mawu ankatuluka okha, ndipo ndidalira monga sindidalirepo chimwalirireni amuna anga.

Anthu a mudzi umenewo adamvetsera mwaulemu. Iwo ankangodziwa gogo wachete amene adabwera ndi mtolo umodzi, wosenda chinangwa kuseri kwa khitchini. Za Diso, za shedi, za lole, sadamvepo. Ndidaona ena akufunsana ndi maso kuti mayiyu akukamba za chiyani. Mitambo inali itada kumadzulo, ndipo mkulu wa mpingo adayambitsa nyimbo yotsekera ndisanakhale pansi. Amene adamva tanthauzo la mawu anga anali anayi aja ndidabwera nawo, ndipo onse ankazidziwa kale.

Pobwerera tidatsika minibasi paboda, mvula ikuwaza. Malole adandanda mbali zonse za msewu, matenti atanyowa. Tili pamzere wodinditsa mapepala, a Mateyo adandiyandikira, navula chipewa.

"Mwalankhula bwino, aNaphiri," adatero motsitsa mawu, akundiitana ndi mfunda wanga. "Zoona zokhazokha. Koma poti mwini wake wapita, zimenezi zithere konkuno. Kumudzi anthu agwirizana tsopano, tisakadzutse zakale."

Amayi awiri aja adavomereza ndi mutu. Phoebe anali patsogolo pathu, ndipo sadatembenuke. Mzere udasuntha, tidadinditsa mapepala athu, n'kuwoloka.